Mphunzitsi wa ku yunivesite akatopa, banja la kwa Nkaya nalo limalipira

Chaka chilichonse bungwe la National Council for Higher Education likatulutsa mayina a ophunzira omwe asankhidwa kupita ku sukulu zaukachenjede za boma, m'midzi ya kwa Nkaya, ku Utale, ku Liwonde mpaka kumadoko a nyanja za Malombe ndi Chilwa mumamveka nthungululu. Chisangalalo chikatha, makolo amayamba kuwerengetsa fizi, lendi, chakudya ndi thiransipoti. Ena amagulitsa mbuzi, ena amadikira ndalama za thonje, ena amaimbira foni m'bale wawo wa ku Joni. Pa mawerengero onsewa sitiikapo umoyo ndi kagwiridwe ntchito ka anthu omwe akamuphunzitse mwanayo, chonsecho n'chimodzi mwa zinthu zomwe zimachititsa kuti amalize m'zaka zinayi kapena achedwe, komanso kuti abwere ndi nzeru zenizeni kapena pepala chabe.

Kutopa kosatha ndi tulo

M'chaka cha 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza momveka bwino za vuto lomwe pa Chingerezi limatchedwa burnout. Silinaliike m'gulu la matenda, koma linati ndi vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika pa ntchito kwa nthawi yaitali popanda chothandiza. Zizindikiro zake zilipo zitatu: munthu amatheratu mphamvu, mtima wake umachoka pa ntchitoyo mpaka kuyamba kuinyoza, ndipo zomwe ankachita bwino kale amayamba kuzichita mwachisawawa.

Ambiri aife timaona ngati mphunzitsi wa ku yunivesite ali pabwino chifukwa amavala jekete ndipo sapsa ndi dzuwa ngati msodzi kapena mlimi. Koma ntchito yake sithera m'kalasi. Amakonzekera phunziro, amachonga mayeso a ophunzira omwe m'makalasi ena a chaka choyamba amakhala mazanamazana, amayang'anira kafukufuku wa omwe akumaliza, amakhala m'misonkhano, ndipo kuti akwezedwe pa ntchito ayenera kuchita kafukufuku wakewake n'kumusindikiza. Makoleji ambiri anayambitsa maphunziro a kumapeto kwa sabata, a pa tchuthi ndi apakalata pofuna kupeza ndalama zoyendetsera sukulu, ndipo kawirikawiri ophunzitsa amakhala omwewo. Tchuthi chomwe chinkam'patsa mpata wopuma ndi wowerenga chinasanduka nthawi ya makalasi ena.

Zipata zinakula, manja ndi ochepa

Kuyambira 1965, dziko lino linakhala zaka zoposa 30 lili ndi yunivesite imodzi yokha ya boma. Ya Mzuzu inayamba kulandira ophunzira mu 1999, koleji ya Bunda inachoka mu University of Malawi n'kukhala LUANAR mu 2012, ndipo MUST ya ku Thyolo inatsegulidwa mu 2014. Mu 2021 University of Malawi inagawidwanso patatu: ya ku Zomba inasunga dzinalo, Polytechnic inakhala MUBAS, pomwe makoleji a madokotala ndi anamwino anapanga KUHeS. Kuwonjezera apo pali mayunivesite ambiri omwe si aboma.

Kukula kumeneku n'kwabwino, makamaka kwa madera ngati athu omwe kwa nthawi yaitali anatsalira pa maphunziro. Vuto ndi lakuti kalasi ikhoza kumangidwa m'chaka chimodzi, koma kuti munthu afike pophunzitsa ku yunivesite amafunika digiri yachiwiri ndi yachitatu, zomwe zimadya zaka zambiri, nthawi zambiri kunja kwa dziko. Mmodzi akapita kukaphunzira, makalasi ake amasenzedwa ndi anzake otsala. Akabwerako n'kupeza malipiro osakwanira, mayiko ngati South Africa ndi Botswana kapena mabungwe omwe si aboma amamukopa.

Zoterezi tinaziwonapo kale ku pulayimale. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere, ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Boma linalemba aphunzitsi masauzande omwe anali asanasulidwe, makalasi anadzaza, ndipo mpaka lero tikulimbana ndi ana ofika Sitandade 4 asakutha kuwerenga bwino. Tikamachulukitsa malo a ophunzira m'sukulu zaukachenjede osachulukitsa ndi kusamalira ophunzitsa, tikuyenda njira yomweyo.

Kwacha ikagwa

Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pafupifupi K1,700 m'mabanki. Kumayambiriro kwa 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi maperesenti oposa 30 pachaka. Aliyense wolandira malipiro a pamwezi anamva kuwawa, koma ku yunivesite bala lake ndi lapawiri. Mabuku, mankhwala a mu labu, makompyuta ngakhale ndalama zolipira kuti kafukufuku asindikizidwe m'magazini ena a kunja zimafuna madola. Choncho munthu amauzidwa kuti achite kafukufuku kuti akwezedwe, pomwe zida zochitira kafukufukuyo zakwera mtengo kapena sizikupezeka.

Malipiro akachepa mphamvu, mphunzitsi amasaka maganyu: kuphunzitsa m'makoleji awiri kapena atatu, kulembera mabungwe malipoti, kuchita bizinesi. Palibe angamudzudzule, naye ali ndi ana ndi abale omudalira. Koma maola a tsiku ndi 24 basi, ndipo omwe amachepekedwa ndi wophunzira yemwe akudikira pakhomo la ofesi kuti ntchito yake iwonedwe. Tisaiwalenso ogwira ntchito mu laibulale, mu labu, m'maofesi a zamayeso, osesa ndi alonda. Ambiri a iwowa malipiro awo ndi ochepa kwambiri, koma popanda iwo zotsatira za mayeso sizituluka ndipo sukulu siyenda.

Zomwe Zomba inatiphunzitsa

Tikamva kuti aphunzitsi anyanyala ntchito, timathamangira kunena kuti akufuna ndalama. Mbiri ya koleji ya Chancellor ikuonetsa kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa apo. Mu February 2011 mkulu wa apolisi wa nthawiyo, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti palibe akazitape m'makalasi mwawo. Anayi anachotsedwa ntchito, kuphatikizapo a Jessie Kabwila omwe ankatsogolera bungwe lawo, ndipo mkanganowo unatha patadutsa pafupifupi miyezi 8, anayiwo atabwezeretsedwa.

Mu 2017 kolejiyo inakhalanso yotseka kwa miyezi ingapo. Ulendo uno dandaulo linali lakuti anthu a udindo wofanana m'yunivesite imodzi ankalandira mosiyana, a ku College of Medicine akuposa anzawo. Pa nkhani yoyamba anthu ankamenyera ufulu wophunzitsa mopanda mantha, pa yachiwiri ankafuna chilungamo pa kagawidwe ka malipiro. Zonse ziwirizi zikuonetsa kuti munthu amakhutira ndi ntchito akamadziwa kuti akulemekezedwa, akumvedwa ndipo sakuponderezedwa poyerekeza ndi mnzake. Zimenezi zikasowa, ngakhale malipiro atakwera, mtima wake sukhazikika.

Yemwe amalipira

Koleji ikatsekedwa theka la chaka, mwini nyumba ku Chikanda sasiya kufuna lendi, ndipo mwana akabwerera kumudzi amafunika thiransipoti kawiri. Banja lomwe linakonzekera zaka zinayi limapezeka likusenza zisanu, mng'ono wake yemwe amadikira kuti mkuluyo ayambe ntchito n'kumulipirira ku sekondale naye amachedwa. Kwa mtsikana, miyezi yokhala pakhomo osadziwa tsiku lotsegulira ndi pomwe nkhani za banja zimayamba kumveka.

Pali kutaya kwina kosaoneka msanga. Aphunzitsi a ana athu a ku pulayimale amasulidwa m'makoleji ngati Machinga TTC, ndipo ambiri a ku sekondale amachokera ku Domasi College of Education ndi ku Zomba. Ngati wowaphunzitsayo anali wotopa, wongowerenga manotsi akale, kufooka kwake kumatsika mpaka kukafika m'kalasi ya Sitandade 1 kwa Nkaya. N'chimodzimodzinso namwino wa pachipatala chathu ndi mlangizi wa zaulimi.

Mbali yathu

Makolo sitingakweze malipiro a munthu, koma tili ndi zomwe tingachite. Mwana asanalembetse pa koleji yomwe si yaboma, tifunse ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi NCHE, ngati aphunzitsi ake ndi okhazikika kapena obwereka tsiku limodzi pasabata, ndiponso ngati omwe anayamba kale amamaliza pa nthawi yake. Pokonza ndalama, tisiyeko pang'ono za miyezi yomwe ingawonjezereke. Ana athu tiwalangize kupereka ntchito zawo pa nthawi yake ndi kupewa kukopera za anzawo, chifukwa zimenezi zimawonjezera katundu pa munthu wolemedwa kale.

Aphungu a ku Balaka ndi Machinga akabwera kudzatiuza za nyumba zatsopano za sukulu ndi ngongole za ophunzira, tiwathokoze, kenako tiwafunse kuti pa bajeti ya chaka chino ndi ndalama zingati zomwe zapita kolemba aphunzitsi atsopano, kowaphunzitsa madigiri apamwamba ndi kogula zida za mu labu. Yankho la funso limeneli ndi lomwe lingatiuze ngati mwana yemwe tamugulitsira mbuzi akapeza munthu wokhala ndi nthawi yomuphunzitsa.