Chipukutamisozi cha a ku Joni: ndalama zilipo, nanga umboni uli kuti?

Kumapeto kwa chaka cha 2031, bungwe la Tshiamiso Trust la ku South Africa lidzasiya kulandira mapempho a chipukutamisozi kuchokera kwa anthu amene anadwala mapapo chifukwa chogwira ntchito m'migodi ya golide ya m'dzikolo. Kwa munthu wathanzi, chakachi chikuoneka ngati chili patali. Koma mnyamata amene anakwera ndege ya Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20 adzakhala ndi zaka 78 pa nthawiyo, ngati mapapo ake angamufikitse kumeneko.

M'midzi yambiri ya m'dziko muno nkhani ya "ndalama za ku Theba" yakhala ikumveka kwa zaka zochuluka. Azibambo okalamba akhala akulembetsa maina, kujambulitsa zithunzi ndi kudikira. Ambiri mwa iwo amakhulupirira kuti aliyense amene anapita ku Joni ali ndi gawo lake pa ndalama zimene zikunenedwa. Malamulo ndi mgwirizano umene unabala bungwe la Tshiamiso sizikunena choncho, ndipo kusamvetsa mfundo imeneyi ndi kumene kwatsegulira mpata akamberembere odyera pamutu pa nkhalambazi.

Ndalama zimene anthu amazitchula ndi dzina limodzi zili m'matumba osiyana. Pali ndalama za penshoni kapena zosungidwa pa nthawi ya ntchito, zimene munthu amalandira ngati ankadulidwa pa malipiro ake. Thumba lalikulu la mtunduwu, la Mineworkers Provident Fund, linakhazikitsidwa mu 1989, Amalawi ambiri atabwerera kale kumudzi, choncho amene ali ndi chiyembekezo ndi okhawo amene maina awo ali m'matumba akale. Pali chipukutamisozi cha boma la South Africa pansi pa lamulo la matenda a m'migodi la 1973, lodziwika mwachidule kuti ODMWA. Ndiye pali ndalama za Tshiamiso, zimene zinabwera chifukwa cha mlandu wa kukhoti. Matumba awiri omalizawa salipira thukuta kapena zaka zimene munthu anakhala pansi pa nthaka. Amalipira matenda, ndipo matendawo ayenera kutsimikiziridwa ndi madokotala.

Kuti Amalawi akukhudzidwa ndi nkhaniyi, mbiri ikuchitira umboni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100 000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977, ngakhale kuti opita anali ochepa poyerekeza ndi kale, ndipo inadzatheratu mu 1988 maiko awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza HIV. Zaka zonsezi zikugwera mkati mwa nyengo imene mgwirizano wa Tshiamiso ukuiwerengera, yomwe ndi kuyambira pa 12 March 1965 kufika pa 10 December 2019.

Matenda amene ali pa phata pa nkhaniyi ndi silicosis. Golide wa ku South Africa amapezeka m'miyala yolimba imene ikaboledwa kapena kuphulitsidwa imatulutsa fumbi losalala kwambiri la silica. Fumbili likalowa m'mapapo silituluka. Limapanga zipsera pang'onopang'ono mpaka mapapo amauma, munthu n'kumalephera kupuma ngakhale akungoyenda pabwalo. Matendawa alibe mankhwala ochiza, ndipo amatha kuonekera patapita zaka khumi kapena makumi awiri munthu atasiya ntchito. Amapangitsanso kuti thupi ligwidwe msanga ndi chifuwa chachikulu. N'chifukwa chake bambo wa kumudzi amatha kumwa mankhwala a TB kawiri kapena katatu, chifuwa osatha, koma palibe amene anamufunsapo ngati anagwirako ntchito kumgodi.

Funso limene anthu ovulala pa ntchito amafunsa kawirikawiri, kuno ndi kulikonse, n'lakuti: munthu akalandira chipukutamisozi cha lamulo, angathenso kusumira bwana wake kukhoti? Ku South Africa funso limeneli ndi limene linasintha zinthu. Lamulo lalikulu la chipukutamisozi la m'dzikolo, la COIDA la 1993, limaletsa wantchito kusumira womulemba ntchito. Amangolandira zimene thumba la boma lamuwerengera. Kwa zaka zambiri makampani a migodi ankati chiletso chimenechi chikuwatetezanso iwo.

Thembekile Mankayi, yemwe anagwira ntchito pansi pa nthaka ku kampani ya AngloGold kuyambira 1979 kufika 1995, anakana maganizo amenewa. Atadwala mapapo analandira R16 320 yokha pansi pa lamulo la ODMWA, ndipo anasumira kampaniyo kuti imulipire R2.6 miliyoni. Mabwalo awiri anamukanira. Koma pa 3 March 2011 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti anthu amene amalipidwa pansi pa ODMWA, lamulo lomwe ndalama zake ndi zochepa kuyerekeza ndi za COIDA, ali ndi ufulu wosumira makampani. Mankayi anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulochi chiperekedwe.

Chigamulocho chinatsegula njira ya mlandu wa gulu, umene bwalo lalikulu la ku Johannesburg linauvomereza mu May 2016. Makampani ataona kumene zinthu zikulowera anasankha kukambirana. Mu May 2018 makampani asanu ndi limodzi, omwe ndi African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anasainira mgwirizano wa ndalama pafupifupi R5 biliyoni, ndipo khoti linauvomereza pa 26 July 2019. Bungwe loyendetsa ndalamazi linapatsidwa dzina la Chitswana lakuti Tshiamiso, kutanthauza kukonza cholakwika.

Apa mpofunika kumvetsa chimene mgwirizano wothetsa mlandu kunja kwa khoti umatanthauza. Makampani sanavomere kuti analakwa. Analipira kuti mlandu uthe, ndipo wolandira ndalama amataya mwayi wodzawasumiranso pa matenda omwewo. Amene sankafuna kumangidwa ndi mgwirizanowu anapatsidwa nthawi yodzichotsa, ndipo nthawiyo inadutsa mu 2019. Nkhalamba ya ku Mzimba kapena ku Ntcheu imene sinamveko n'komwe za mlanduwu inalowetsedwa mumgwirizano umene sinauwerenge. Wina anganene kuti izi si chilungamo chenicheni. Komabe, n'kovuta kuganiza kuti nkhalamba yomweyo ikanatha kulemba loya ku Johannesburg ndi kulimbana payokha ndi kampani ya migodi kwa zaka khumi.

Ndalama zake zinaikidwa m'magawo molingana ndi kukula kwa matenda. Monga momwe zinalembedwera mumgwirizano, wodwala silicosis wa gawo loyamba amalandira R70 000, wa gawo lachiwiri R150 000, wa gawo lachitatu R250 000, ndipo wodwalitsitsa angalandire mpaka R500 000. Za chifuwa chachikulu zimayambira pa R10 000 kulekeza R100 000. Amasiye a womwalira angalandire R70 000 kapena R100 000, kutengera nthawi imene anamwalira ndi chimene chinamupha. Ndalamazi zimathanso kuchepetsedwa ngati munthu anagwirako ntchito zaka zina m'migodi imene siili mumgwirizano, pakuti migodi yowerengedwa ndi 82 yokha ya golide. Amene ankakumba malasha, pulatinamu kapena dayamondi sali m'gulu limeneli, ngakhale chifuwa chawo chikhale chowawa chimodzimodzi.

Kwa Amalawi, mfundo ya chifuwa chachikulu ndi yopapatiza kwambiri. Munthu ayenera kukhala kuti anagwira ntchito ya m'fumbi kwa zaka zosachepera ziwiri, ndipo TB inamupeza ali pa ntchito kapena chisanathe chaka chimodzi atachoka. Amene anabwerera mu 1988 n'kudzadwala TB mu 1995 sakuwerengedwa pa gawo limeneli. Chiyembekezo chake chili pa silicosis, imene ingapezeke lero lino ngati atajambulidwa pachifuwa ndi kuyezedwa mphamvu ya mapapo ndi dokotala wodziwa matenda a kuntchito.

Choncho nkhani yonse yagona pa umboni, ndipo umboni wake uli pawiri. Woyamba ndi wakuti munthuyo anagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti, zaka zakutizakuti. Kampani ya TEBA, imene inalowa m'malo mwa Wenela, imasunga kaundula wa anthu amene inawalemba, koma zolembedwa za m'ma 1960 ndi 1970 zinali za pamapepala. Anyamata ena ankalembetsa ndi maina a abale awo kapena kuwonjezera zaka kuti aloledwe, ndipo akalaliki a kumigodi ankalemba maina a Chichewa, Chiyawo ndi Chitumbuka mmene anawamvera. Chiphaso cha unzika cha Malawi chinabwera mu 2017. Dzina la pa chiphasochi likasiyana ndi la m'kaundula wa kumgodi, pempho limaima. Kakhadi kakale ka kumgodi, nambala ya ntchito, pasipoti yakutha kapena kapepala ka malipiro kamene kanasungidwa m'sutikesi n'zamtengo wapatali kuposa mmene eni ake akuganizira.

Umboni wachiwiri, wa matenda, ndi wovuta koposa pamene munthuyo anamwalira kale. Mayi wamasiye amafunika kusonyeza kuti amuna awo anali ndi silicosis kapena kuti ndi imene inawapha. Lamulo la ODMWA limalola kuti wogwira ntchito kumgodi akamwalira, achibale akavomera, mtima ndi mapapo ake zichotsedwe ndi kutumizidwa ku Johannesburg kukapimidwa. Kwa banja la kumudzi kuno, limene limaika maliro tsiku lotsatira, njira imeneyi ili pa pepala pokha. Kulembetsa imfa mokakamiza kunayamba m'dziko muno mu 2015, kutanthauza kuti ambiri amene anamwalirira kunyumba chisanafike chakachi alibe kalata ya imfa. Ngakhale kalata ikhalepo, ikangonena kuti munthu anamwalira ndi matenda osatchula mtundu wake, sithandiza kanthu. Kabuku ka kuchipatala ka malemu, ngati sikanatayidwe pamodzi ndi zovala zawo, ndi kamene kangalankhule.

Pa zaka zake zoyambirira, bungwe la Tshiamiso linaika mphamvu zake ku South Africa ndi maiko oyandikana nalo monga Lesotho, Eswatini, Mozambique ndi Botswana, kumene kuli maofesi a TEBA olandirira mapempho. Malawi, amene anasiya kutumiza anthu kalekale, anatsalira m'mbuyo. Kuchedwa kulikonse kumapindulira mbali imodzi yokha, chifukwa makampani amapereka ndalama molingana ndi mapempho amene avomerezedwa. Munthu akamwalira asanayezedwe, umboni wake wamphamvu umapita naye kumanda. Ntchito imene unduna wa zantchito ndi wa zaumoyo angaigwire osadikira wina aliyense ndi yoyeza mapapo a anthu amenewa akadali moyo ndi kusunga zotsatira zake mwadongosolo. Ndipo anthu ayenera kuuzidwa mobwerezabwereza kuti kupereka pempho ku Tshiamiso n'kwaulere, sikufuna loya kapena mkhalapakati. Wopempha ndalama kuti "afulumizitse fayilo" ndi wakuba.

Mafunso omwewa akukhudzanso ogwira ntchito a lero m'dziko muno, kumene boma likuyembekezera chuma chochuluka kuchokera ku migodi monga Kayelekera ku Karonga, Kangankunde ku Balaka ndi Kasiya ku Lilongwe, osanena za anyamata ophwanya miyala m'makwale ndi okumba golide pawokha. Lamulo la Malawi la chipukutamisozi cha ogwira ntchito, la chaka cha 2000, silifuna kuti wovulala atsimikize kuti bwana analakwa. Chofunika n'chakuti ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito komanso pa nthawi ya ntchito. Wolumala kotheratu amayenera kulandira malipiro a miyezi 54, ndipo banja la womwalira malipiro a miyezi 42. Wolumala pang'ono amalandira gawo la ndalamazi molingana ndi mmene dokotala wayezera kulumalako. Mosiyana ndi COIDA, wantchito wa ku Malawi ali ndi mwayi wosumira womulemba ntchito kukhoti ngati ngoziyo inadza chifukwa cha kusasamala, ndipo kawirikawiri khoti limawerengeranso ululu ndi kusokonekera kwa moyo, zimene chiwerengero cha miyezi sichiona. N'chifukwa chake wovulala sayenera kuthamangira kusaina kalata yonena kuti nkhani yatha asanamve kwa ofesi ya zantchito ya m'boma lake kapena kwa wodziwa malamulo.

Kufooka kwa dongosolo la kuno kuli poti ndalama zimachokera m'thumba la bwana mwiniwake. Lamulo la 2000 linakonza zoti pakhale thumba limodzi limene olemba ntchito onse azisonkhamo, koma kwa zaka zambiri thumbali lakhala lisakugwira ntchito. Pa ngozi ya dzanja lodulidwa ndi makina, bwana amakhala alipo ndipo angathe kufunsidwa. Pa matenda a fumbi, amene amaonekera patapita zaka makumi awiri, kampani imakhala itatseka mgodi, itasintha dzina kapena itachoka m'dziko. Anthu a ku Joni anapeza powagwira makampani asanu ndi limodzi aja chifukwa anali akadalipo, ali ndi chuma, ndipo TEBA inasungako maina. Wophwanya miyala pa kwale ya m'mphepete mwa msewu, amene amalipidwa pamanja madzulo alionse, dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse.