Chilumba cha mbalame ndi msitu wa kumanda

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda chikhalidwe chathu, lero nditsika m'mapiri a kwathu kuno ku Mponela kupita kunyanja, pakuti kumeneko kuli phunziro limene ife a kumtunda tikulisowa.

Amene adayendapo pabwato kummwera kwa Nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, akuchidziwa chilumba cha Boadzulu. Munthu akachionera patali amayesa kuti wina adapaka laimu pamiyala yake, chikhalirecho ndi zitosi za mphipi, mbalame zotiwira nsomba zimene zimamanga zisa pamenepo mwaunyinji. Chilumbachi, pamodzi ndi Mumbo, Domwe ndi zilumba za Maleri, chili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene boma lidakhazikitsa m'chaka cha 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Kumeneko nkhwazi, mbalame yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ikulirabe m'mitengo ya m'mbali mwa madzi.

Ena amati mbalamezo zidapulumuka chifukwa cha lamulo la boma. Sindikana, koma maganizo anga ndi akuti lamulo lolembedwa papepala limagwira ntchito pamene mlonda ali maso, pomwe mwambo umalondera ngakhale usiku. Umboni wake uli ku Salima, pachilumba cha Mbenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira udakhazikitsa kuti usodzi uzitsekedwa nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Mowa, chamba ndi juga nzoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya amachotsedwa. Asodzi amamvera chifukwa woletsayo ndi mfumu yawo, ndipo utaka umene amakola potsegulira amauona ndi maso awo.

Kodi ife tilibe zilumba zathu? Tayang'anani m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi. Pakati pa minda yoyera mbee, pamene mitengo idathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a makala, patsala kamsitu kobiriwira: kumanda. Palibe adaikapo waya, palibe mlonda wa mfuti, koma nkhwangwa sifikako mwachisawawa. Ndimo mwatsala misuku ndi miwanga, ndimo njiwa ndi apumbwa apeza pogona.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Ndili mnyamata tinkatchera ulimbo ndi kuponya legeni, koma mbalame yofungatira mazira sitinkaikhudza. Agogo akadamva, nsima ya tsiku limenelo ikadawawa. Amayi pokumba chinaka m'madambo ankasiya zina. Ana ambiri sadziwa kuti chinaka ndi tizinamdzi ta pansi pa maluwa okongola aja amene amaphuka nyengo ya mvula, ndipo ukakumba tonse, duwalo silidzaonekanso pamalopo. Lero chinaka ndi malonda, ndipo wokumba amasesa dambo lonse. Akale adati: ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, njala ilibe mwambo." Zoona, ndipo ine sindinganyoze mayi wofuna ndalama ya mchere ndi sopo. Komatu msodzi wa ku Mbenje nayenso ali ndi ana akudya. Amapirira miyezi ingapo kuti adzakole chaka chamawa. Kusala kumene makolo adatiphunzitsa kunali kusunga mbewu. Ndikuvomeranso kuti si mwambo uliwonse woyenera kuusunga monga uliri. Lamulo loletsa amayi kufika pa Mbenje ambiri akulifunsa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Koma posefa ufa sititaya ndi lichero lomwe.

Choncho ndikupempha mafumu athu kuti aike nyengo yotseka kukumba chinaka, aletse kuphwasula zisa, ndi kuteteza madambo monga atetezera manda. Aphunzitsi atengere ana ku nkhalango ya Ntchisi kapena kuphiri la Kongwe, akaphunzire maina a mbalame ndi maluwa m'Chichewa, chifukwa chimene mwana sachidziwa dzina sangachilirire chikatha.

Inu adzukulu, mukabwera patchuthi mudzandifunse kulira kwa nkhwazi, ndidzakuyeserani. Koma ndikadakonda mukadzaimva nokha, ndi ana anu pambali. Madzi akatayika saoleka.

Ndatha ine gogo wanu, ku Mponela.