Zaka 50 za OPEC Fund: nafenso a ku Nkhata Bay tikukondwera

Chaka chino cha 2026, thumba la chitukuko la OPEC Fund for International Development likukwanitsa zaka 50 chikhazikitsidwire. Likulu lake lili ku Vienna, kutali kwambiri ndi nyanja yathu, ndipo mwina msodzi wa usipa ku Tukombo kapena mayi wogulitsa nsomba ndi chinangwa pa doko sanamvepo dzina limeneli. Komabe chikondwererochi ndi chathu. Aliyense amene anagonekedwapo m'chipatala chachikulu cha boma lino ku Mkondezi, ndiponso aliyense amene amatunga madzi pa mpope m'tauni muno, analawa kale zipatso za thumbali.

Chiyambi chake ndi chofunika kuchikumbukira. M'zaka za 1973 ndi 1974 mitengo ya mafuta inakwera kwambiri padziko lonse, ndipo amene anamva ululu koposa anali mayiko osauka opanda chitsime ngakhale chimodzi cha mafuta, monga Malawi. Atsogoleri a mayiko ogulitsa mafuta atakumana ku Algiers mu Malichi 1975, anavomereza kuti sangalemere okha abale awo akumira. Mu Januwale 1976 nduna zawo za zachuma zinakhazikitsa thumbali ndi ndalama zokwana madola 800 miliyoni. Zinaikanso lamulo limene mpaka lero limatigwira mtima: mayiko amene amasonkha ndalamazo sabwerekamo. Ngongole zonse zimapita kwa ena. Ndipo osonkhawo si mayiko a Azungu amene anatilamulira kale, koma mayiko amene nawonso akutukuka kumene, ena mwa iwo a mu Africa momwemuno: Algeria, Gabon, Libya ndi Nigeria. Makolo athu ananena kuti mnzako akapsa ndevu mzimire, ndipo mayikowa anachitadi zomwezo.

Mzimu umenewu si wachilendo kwa ife. Mu 1955 atsogoleri a mayiko a ku Asia ndi Africa anasonkhana ku Bandung, m'dziko la Indonesia, nagwirizana kuti anthu amene anaponderezedwa ayenera kugwirana manja. Patangopita zaka zinayi, pa 3 Malichi 1959, makolo athu anakhamukira pa doko lomweli kukana kuti atsogoleri awo omangidwa ndi atsamunda atengedwe pa sitima ya Mpasa, ndipo ambiri anawomberedwa pomwepo. Sanafere mbendera yokha. Anafera tsiku limene mwana wa ku Usisya, ku Chintheche ndi ku Mpamba adzakhale ndi chipatala chomuyenera, madzi abwino ndi msewu wofika kwawo. Ufulu wa ndale unabwera mu 1964, koma ufulu wa pa chuma unafuna abwenzi, ndipo abwenziwo tinawapeza pakati pa anzathu odziwa umphawi chifukwa anaukhalamo. N'chifukwa chake Malawi anali m'gulu la mayiko asanu ndi anayi amene anayambitsa mgwirizano wa mayiko a kum'mwera kwa Africa wa SADCC ku Lusaka pa 1 Epulo 1980, bungwe limene lero ndi SADC, ndipo anapatsidwa udindo woyang'anira za nsomba, nkhalango ndi nyama zakutchire m'chigawo chonse.

Tiyeni tione zimene mgwirizano wotere wasiya pakati pathu. Akuluakulu akukumbukira bwino chipatala chakale cha pa boma, chothinana, chimene chinkalephera kulandira odwala onse ochokera m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja, ena atayenda pa boti tsiku lonse. Lero ku Mkondezi kuli chipatala chachikulu chimene boma la Malawi linamanga mothandizana ndi OPEC Fund. Amayi oyembekezera akuchira m'malo aulemu, ovulala pa ngozi akulandiridwa msanga, ndipo matenda ambiri amene kale ankafuna ulendo wa ku Mzuzu akuthandizidwa konkuno. Ndi chinthu chonyadira nacho!

Nkhani ya madzi ndiyo imatikhudza kwambiri, chifukwa kwa zaka zambiri tinkakhala m'mphepete mwa nyanja yaikulu chotere koma m'mipope muli gwa. Atsikana ankalawirira kukatunga madzi kunyanja ndi kumitsinje asanapite kusukulu, ndipo madzi omwewo ndi amene ankabweretsa matenda otsekula m'mimba. Ntchito yokonzanso madzi ndi ukhondo m'tauni ya Nkhata Bay, imene bungwe la Northern Region Water Board lagwira ndi ndalama zochokera ku African Development Bank ndi OPEC Fund, yafikitsa mipope m'madera amene kale anali oiwalika. Amene anaona mmene kolera inasautsira boma lino mu 2022 safunanso kuuzidwa kuti mpope wa madzi abwino ndi moyo. Ntchito sinathe, pakuti midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja idakamwabe madzi osatetezeka, koma maziko aikidwa ndipo ndi olimba.

Pali msewunso wochokera ku Mzuzu, umene kale unali wopapatiza ndi woopsa m'makona ake. Anaumanganso ndi ndalama za African Development Bank, banki imene mayiko a mu Africa anadziyambitsira okha mu 1964. Nthochi, chinangwa ndi nsomba zathu zikufika kumsika zisanaonongeke.

Tinene poyera, popeza chikondwerero chenicheni sichibisa zoona: zambiri mwa ndalamazi ndi ngongole. Ndi ngongole yofewa, yobweza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, koma ndi ngongole ndithu, ndipo adzaibweza ndi ana athu. Choncho wakuba mankhwala m'chipatala, wodula mapaipi usiku ndi wolumikiza madzi mwachinyengo sakubera boma kapena alendo a ku Vienna. Akubera mdzukulu wake amene. Ife a m'boma lino, amene timadziwika ndi ukhondo ndi kukonda sukulu, sitingalole manyazi otere.

Sitili ongolandira chabe. Pa msonkhano waukulu wa mayiko osaukitsitsa umene United Nations inachititsa ku Doha mu Malichi 2023, Malawi ndiye anali wapampando wa gulu la mayikowa, kuwalankhulira onse pamaso pa dziko lapansi. Ndipo doko lathu lili ndi malo ake m'masomphenya a chigawo chino. Mu Disembala 2004 atsogoleri a Malawi, Tanzania, Mozambique ndi Zambia anasaina ku Lilongwe pangano la njira ya chitukuko ya Mtwara, yoti katundu wochokera ku nyanja ya mchere azidzera ku Songea ndi Mbamba Bay, n'kuoloka nyanja kudzatsikira pano pa Nkhata Bay. Anzathu a ku Tanzania anafikitsa kale phula mpaka ku Mbamba Bay. Kwatsala ife: doko lamakono loti sitima ya Ilala ndi sitima zazikulu za katundu zizikocheza bwinobwino, okwera ndi katundu wawo ali otetezeka. Tikupempha boma, khonsolo yathu ndi aphungu athu kuti nkhani imeneyi aiike patsogolo akamakambirana ndi abwenzi omwewa.

Kwa OPEC Fund, ndi kwa anthu a m'mayiko onse amene amasonkha ndalama zake, tikuti zikomo kwambiri, tawonga ukongwa, ndipo zaka 50 zina zikupezeni mukadali nafe! Kwa inu mafumu, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi, asodzi ndi amalonda a boma lino: samalani chipatala chanu, lipirani madzi anu pa nthawi yake, nenani kupolisi aliyense woononga mapaipi, ndipo musatope kufunsa za doko lathu mpaka limangidwe.