Ngongole ya Sukulu kwa Mwana Wosewera Mpira

M'masukulu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira pa Chezi pamsewu wa ku Salima mpaka ku Mvera ndi Kongwe, palibe tsiku losonkhanitsa anthu ngati tsiku la mpira. Makolo amene safika kumsonkhano wa sukulu amakhala atadzaza pabwalo dzuwa lisanapendeke. Mnyamata womwetsa zigoli ndi mtsikana wodziwa kuponya mpira wamanja amatchuka dera lonse. Komatu funso loyenera kufunsidwa nali: kodi mwana ameneyu pomaliza Folomu 4 adzatuluka ndi chiyani m'manja?

Ganizo langa ndi lakuti sukulu imene yatchuka ndi miyendo ya mwana ili naye ngongole ya maphunziro. Ngongoleyi imabwezedwa ndi zinthu ziwiri zosalekanitsika: lamulo lakuti wolephera m'kalasi ayambe wapumira masewero, ndi chithandizo chomufikitsa pokhoza.

Anzathu a ku America, kumene matimu a makoleji amadzaza mabwalo aakulu, alimbana nayo nkhaniyi zaka zambiri. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji, linakhazikitsa mu 1983 lamulo lotchedwa Proposition 48, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1986. Wofuna kusewera m'chaka chake choyamba anayenera kukhala atakhoza maphunziro 11 ofunika a kusekondale. Lero m'makoleji aakulu maphunzirowo ndi 16. Atalowa, wosewera ayenera kukhala atatsiriza magawo 40 pa 100 a digiri yake pofika chaka chachitatu, 60 pofika chachinayi ndi 80 pofika chachisanu. Kuyambira mu 1991 analamulanso kuti nthawi ya masewero isapitirire maola 20 pa sabata. Chifukwa chake chinaonekera poyera mu 1989, pamene katswiri wina wotchuka, Dexter Manley, anaulula pamaso pa aphungu a dzikolo kuti anakhala zaka zinayi pa yunivesite ya Oklahoma State koma osadziwa kuwerenga bwino. Anthu anali kumuombera m'manja Loweruka lililonse, koma maphunziro ake anali chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono lamulo palokha silinathetse vuto. Mu 2014 kafukufuku anapeza kuti pa yunivesite ya North Carolina ophunzira pafupifupi 3,100 analandira malikisi m'makalasi opanda kuphunzitsa kwa zaka 18, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osewera. Apa tiphunzirapo kuti ukaika lamulo koma osamuphunzitsa mwana, umangobala chinyengo, pakuti wofuna chikho adzapeza njira yolizembera.

Kwathu kuno chinyengocho chili ndi dzina lake: aganyu. Tsiku la mpikisano timaona anyamata amene analeka sukulu kale atavala yunifolomu, dzina litalowa m'kaundula usiku. Ena amabweza zaka m'mbuyo mpaka kukhala ang'ono kwa ang'ono awo. Tisaiwale kuti mu 2009, pampikisano wa mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 17 ku Algeria, timu ya Niger inachotsedwa chifukwa cha nkhani ya zaka, ndipo Malawi ndiye analowa m'malo mwake mpaka kukasewera chikho cha dziko lonse ku Nigeria. Ngati lamulo linatikomera kunja, tingalinyoze bwanji pabwalo la sukulu yathu? Waganyu aliyense amalanda malo a mwana amene wakhala m'kalasi teremu yonse, ndipo ana onse oonerera amaphunzira kuti mphunzitsi nayenso amanama.

Ena adzati: nanga Tabitha ndi Temwa Chawinga, kapena Mwawi Kumwenda, si masewero amene awafikitsa ku France, America ndi Australia? Ndi zoona, ndipo tonse timanyadira. Koma tiwerenge bwino. Bungwe la NCAA limanena lokha kuti mwa osewera 100 a m'makoleji, amene amadzadya ndi masewero sakwana awiri. Kuno Super League ili ndi matimu 16 okha, pamene anyamata othamangitsa chikopa m'masukulu ndi zikwizikwi. Ngakhale wamwayi amene wafika, bondo likhoza kumuthera ntchito tsiku limodzi, ndipo mgwirizano umene amasayina umalembedwa m'Chingerezi. Wosatha kuuwerenga amadyeredwa masuku pamutu. Pamene mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, Chingerezi chili momwemo, sadzafunsa kuti unamwetsa zigoli zingati.

Pali dandaulo lina lolemera kuposa ili, lakuti lamulo lotere limapweteka mwana wosauka. Wophunzira wa pasukulu yoyendera amakwera ndi kutsika zitunda m'mawa ndi madzulo. Nyengo ya fodya amafunika kusoka ndi kusankha masamba, masiku ena amakhala pamsewu kugulitsa tomato ndi mbatata, ndipo usiku alibe nyali yowerengera. Kwa ena mpira ndiwo chingwe chokha chimene chawagwira pasukulu. Ukachidula, mwana wapita. Dandauloli ndi loona, ndipo n'chifukwa chake ndanena kuti lamulo lisayende lokha.

Zofunika kuchita sizilira ndalama zambiri. Choyamba, wosewera akhale wolembedwa m'kaundula kuyambira poyamba pa chaka, wopezeka m'kalasi masiku onse kupatula atadwala, ndipo aphunzitsi aakulu asayine mndandanda wa timu ndi dzanja lawo. Chachiwiri, mulingo ukhale wodziwika kwa onse teremu isanayambe, ndipo ukhale wofikirika, monga kukhoza Chingerezi ndi maphunziro ena asanu, umene uli pafupi ndi zimene MANEB imafuna popereka setifiketi. Chachitatu, wolephera asathamangitsidwe m'timu. Apumire mipikisano kwa masabata ochepa, azibwera kokonzekera, ndipo akakhoza mayeso otsatira abwerere. Chachinayi, ola limodzi asanapite kubwalo osewera onse azikhala pansi ndi mabuku, mphunzitsi wa zamasewero ali pomwepo, ndipo phunziro lililonse limene aphonya chifukwa cha ulendo aphunzitsidwenso sabata yomweyo. Anyamata ndi atsikana amene anakhoza MSCE ndipo akudikira kumudzi angathandize kwambiri pa ola limeneli, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachisanu, a Folomu 4 apumire maulendo m'teremu ya mayeso.

Kwa inu aphunzitsi, mwana wosewera amamvera mphunzitsi wa mpira kuposa wina aliyense. Mawu amene amamudzutsa kukathamanga m'bandakucha angathenso kumutsegulitsa buku. Kwa inu amene mwatsiriza sukulu, uzani ang'ono anu zimene mwaona chitulukireni pachipata. Chikho chimatsala mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, koma mwana amapita kwawo ndi zimene waphunzira.

M'gawo lotsatira tidzaona za atsikana a mpira wamanja ndi zimene zimawachotsa pabwalo ndi m'kalasi momwe.