Cardiff Bay: doko linadzuka, nanga eni dera?

Mu 1913 sitima zapamadzi zinanyamula malasha opitirira matani 10 miliyoni padoko la Cardiff ku Wales. Malashawo ankatsika panjanji kuchokera kumigodi ya m'zigwa za kumpoto kwa mzindawu. Ntchito ya padoko inakoka amalinyero a ku Somalia, Yemen ndi zilumba za Caribbean, amene anakhazikika ku Butetown, dera lotchedwanso Tiger Bay, n'kukwatirana ndi eni dziko. Woyimba Shirley Bassey anabadwira komweko mu 1937.

Sitima zitayamba kuyendera mafuta, msika wa malasha unazilala. Pofika 1964 kutumiza malasha kunatheratu, ndipo mu 1978 fakitale ya zitsulo ya East Moors inatseka. Panatsala mabwinja, dzimbiri ndi matope oonekera nyanja ikaphwera.

Mu 1987 boma linakhazikitsa Cardiff Bay Development Corporation kuti idzutse derali. Ntchito yake yaikulu inali khoma lotalika kupitirira kilomita imodzi, lomalizidwa mu 1999, limene linatchinga mitsinje ya Taff ndi Ely n'kupanga nyanja ya madzi opanda mchere ya mahekitala 200.

Oyamikira ali ndi choloza. Pamene panali bwinja pali Wales Millennium Centre, nyumba ya zisudzo yotsegulidwa mu 2004, komanso Senedd, nyumba ya malamulo ya Wales, ya mu 2006. Mabanja amayenda pakhomapo madzulo, ana ali panjinga. Palibe akanabwezeretsa malasha, ndipo kusiya doko liwole sikukanadyetsa aliyense.

Odandaula nawonso sakunama. Matope amene ena ankati ndi nyansi anali modyera mbalame zambirimbiri zobwera m'nyengo yozizira. Madzi atawamiza, anachita kukonza dambo lina pafupi ndi Newport ngati chipepeso. Koposa apo, anthu a ku Butetown, amene nyumba zawo zakale zinagwetsedwa m'ma 1960, adakali m'gulu la osaukitsitsa mumzindawu. Nyumba zatsopano zoyang'ana kunyanja ndi zodula, ndipo ntchito ya m'lesitilanti siyingafanane ndi ya padoko imene inkalera banja lonse.

Amene akufuna kuona mbali ziwirizi ndi maso aime pa Bute Street. Pali khoma lamiyala la njanji: uku kuli nyumba zakhonsolo za Butetown, uko kuli msewu wotakasuka wa Lloyd George Avenue wolunjika kunyanja. Mlendo angathe kufika kugombe osaona nkhope ya mdzukulu wa malinyero aja.

Ine ndikuti kudzutsa doko kunali koyenera, koma ntchitoyo inathera panjira. Okonza mapulani anawerengera madzi, misewu ndi alendo, eni dera n'kubwera pambuyo. Idzatha tsiku limene mwana wa ku Butetown adzapeze ntchito yolera banja ndi nyumba yoti angakwanitse pagombe limene agogo ake anasenzapo malasha.