Asilikali a Ndege ku America Ayambira pa Sukulu za Anthu Wamba

Awerengi ambiri adzadabwa kumva kuti dziko la America, limene liri ndi ndege zankhondo zoposa za dziko lina lirilonse, limayamba kuphunzitsa maofesala ake a m'ndege pa kandege ka injini imodzi, konga timene anthu olemera amaulutsa pa tsiku lopuma, ndipo kawirikawiri mphunzitsi wake sakhala msilikali konse. Nkhani iyi iyenera kulingaliridwa ndi onse ogwira ntchito za Boma, pakuti mkati mwake muli funso limene Boma lirilonse limakumana nalo: kodi ndi ntchito iti imene Boma liyenera kugwira ndi manja ake, ndipo ndi iti imene lingapatse kampani?

Tiyambe ndi kulongosola za anthu amene tiri kunena. M'ndege yankhondo si onse amene amagwira chiongolero. Pali ofesala wina amene ntchito yake ndi kupeza njira, kuyang'anira makina oonera zakutali, kusokoneza mawailesi a adani ndi kulunjika zida. Asilikali a pamadzi amamutcha Naval Flight Officer, ndipo amakhala pa mpando wakumbuyo wa ndege zonga F/A-18F ndi EA-18G, kapena m'kati mwa E-2 Hawkeye ndi P-8 Poseidon. Asilikali a mumlengalenga amamutcha Combat Systems Officer. Magulu onse awiri amaphunzitsa anthu awa ku Pensacola, m'chigawo cha Florida.

Tsono wina angafunse kuti: munthu amene sadzayendetsa ndege, ndalama za msonkho zionongekerenji pomuphunzitsa kuiyendetsa? Funsoli ndi lomveka, koma yankho lake ndi lomveka koposa. Mnyamata kapena mtsikana angathe kupambana mayeso onse a pa pepala, koma ndege ikapendekeka iye nayamba chizungulire ndi kusanza, kapena mutu nuuma pamene wailesi iri kulankhula, mphunzitsi ali kufunsa, ndipo nthaka iri kuyandikira. Zotere sizioneka m'kalasi. Zimaoneka m'mwamba, ndipo ola limodzi la kandege ka Cessna limadya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi ola la ndege ya asilikali ya T-6 Texan II imene wophunzira amakwera pambuyo pake. Chotero maphunziro oyamba awa ali ngati lichero lopetera: Boma lifuna kudziwa msanga, ndi pa mtengo wochepa, amene sangathe. Chinanso nchakuti ofesala wakumbuyo amene adagwirako chiongolero amadziwa nthawi imene mnzake wakutsogolo watanganidwa, ndipo amazindikira msanga ndege ikayamba kutaya liwiro. Moyo wa onse awiri uli pa kumvana kumeneko.

Nzeru yobwereka sukulu za anthu wamba si yatsopano. M'chaka cha 1939, nkhondo iri pafupi, Boma la Pulezidenti Franklin Roosevelt lidakhazikitsa Civilian Pilot Training Program. Wophunzira ankalandira maola 72 a m'kalasi ndi maola 35 mpaka 50 a m'mwamba, Boma ndilo likulipira. Pofika 1944 anthu oposa 435,000 anali ataphunzira mwa njira iyi. Tisaiwale kuti sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee idalowa nawo m'dongosololi, ndipo ilo lidathandiza kutsegula khomo limene anthu akuda a ku America adalowera m'ndege zankhondo pa nthawi ya tsankho.

M'chaka cha 1964 asilikali a mumlengalenga adagula ndege za Cessna 172 nazitcha T-41, ndipo zidatumikira pafupifupi zaka 30 pa ntchito yopeta ophunzira. Koma akuluakulu ena adaona kuti ndegezi nzofatsa kwambiri, ndipo adafuna ina yotha kugudubuka ndi kuzungulira m'mwamba monga zichitira ndege zankhondo. Adagula T-3A Firefly, yopangidwa ndi kampani ya Slingsby ya ku Britain, nayamba kuigwiritsa ntchito mu 1994. Zotsatira zake zidali zachisoni. Pakati pa 1995 ndi 1997 ndege zitatu za mtundu uwu zidagwa ku sukulu ya maofesala ya ku Colorado Springs, ndipo ophunzira atatu ndi aphunzitsi atatu adafa. Padalinso madandaulo akuti injini zake zimazima zokha. Mu July 1997 ndege zonse zidaletsedwa kuuluka, ndipo mu 2006 zimene zidatsala zidaphwanyidwa.

Apa ndi pamene Boma lidabwerera kwa anthu wamba, ndipo lidabwerera mwa changu cha munthu amene nyumba yamupsera. Ophunzira adatumizidwa ku sukulu za ndege zomwazika m'dziko lonse, aliyense kufupi ndi kumene anali. Ndalama zidapulumuka ndithu, koma padabuka vuto limene aphunzitsi athu adzalizindikira msanga: sukulu zambirimbiri, kaphunzitsidwe kosiyanasiyana. Sukulu imene imalandira malipiro pa ola lirilonse la wophunzira iribe chifukwa champhamvu chomuchotsera; imamuleza mtima kufikira atapambana. Kuleza mtima nkwabwino kwa munthu wophunzira ndi ndalama zake, koma lichero losataya mankhusu siligwira ntchito imene Boma lidaligulira. Mmera mpoyamba, ndipo ofooka amene adapyola pano ankakagwa patsogolo, pamene ola lirilonse ndi lodula.

Chifukwa cha ichi, mu 2006 asilikali a mumlengalenga adasonkhanitsa maphunzirowa pamalo amodzi, ku Pueblo m'chigawo cha Colorado. Kampani ya Doss Aviation idapereka ndege za Diamond DA20, aphunzitsi, malo ogona ndi chakudya, koma dongosolo la maphunziro ndi mphamvu yonena kuti uyu apitirire, uyu abwerere, zidatsala m'manja mwa asilikali. Ofuna kukhala oyendetsa ndege ankayenera kuuluka okha asanachoke, pamene a mpando wakumbuyo sankafunsidwa kutero. Asilikali a pamadzi adatsata njira yofananayo mochedwerapo: mu 2020 adaphatikiza maphunziro a m'kalasi ndi a kandege ka Cessna 172 kukhala dongosolo limodzi ku Pensacola, lotchedwa Naval Introductory Flight Evaluation.

Ife tiona kuti kugawana kotere ndiko kwanzeru. Kampani idziwa kusamala tindege ndi kulemba aphunzitsi mosaononga ndalama, koma si kampani imene idzalembera makolo kalata ya maliro. Amene adzanyamula mlandu wa ofesala wosakhoza ndiye ayenera kugwira cholembera pa tsiku la mayeso.

Komatu nkhaniyi sidathe. Chifukwa cha kuchepa kwa oyendetsa ndege, m'zaka za 2024 ndi 2025 asilikali a mumlengalenga adayambanso kutumiza ophunzira ku sukulu zingapo za anthu wamba zovomerezedwa ndi Boma, ndipo ulendo uno osati kukapetedwa kokha, koma kukaphunzira maola ochuluka asanakwere T-6. Cholinga nchakuti ndege za asilikali ndi aphunzitsi ake ochepawo atulutse anthu ambiri pa chaka. Ngati oyang'anira a Boma adzakhala okwanira kuyendera sukulu zonsezi ndi muyeso umodzi, njirayi ingathe kuthandiza. Akachepa, vuto limene lidabala Pueblo mu 2006 lidzabwerera.