Finyani zipatso zanu, koma vinyo wa uchi safuna njira zachidule

Chaka ndi chaka, mvula yoyamba ikagwa, pansi pa mitengo ya mango ku Salima, Nkhotakota, Mangochi ndi Karonga pamadzaza zipatso zowola. Nyengo yozizira ikafika, alimi a manachesi ku Mwanza amangolandira mtengo umene mavenda anena, chifukwa akakana katundu awaonongekera m'manja. Mlimi wa njuchi naye amagulitsa uchi wake m'ndowa kwa munthu amene amakangouthira m'mabotolo n'kukapindula nawo m'tauni. Nthawi zambiri mlimi wa zipatso ndi mlimi wa njuchiyu amakhala munthu mmodzi, ndipo ndi membala wathu.

N'chifukwa chake tikuona kuti ndi nkhani yofunika kuti mamembala ena ayamba kufunsa za vinyo wa uchi wothira madzi a zipatso zofinya okha pakhomo. Maganizo athu ndi akuti ntchitoyi ndi yabwino ndipo ikuyenera kuthandizidwa, chifukwa uchi umadikira pamene mango sadikira, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa bwino zimasanduka katundu wosungika miyezi yambiri. Koma pofinya pomwepo, pamene pali phindu la mlimi, ndi pamenenso pali ngozi. Amene sangakwanitse ukhondo ndi kudekha, bola agulitse uchi wake momwe uliri.

Chakumwachi sichachilendo mu Africa muno. Ku Ethiopia kuli tej, amene amafululidwa ndi uchi, madzi ndi chomera chotchedwa gesho, ndipo amagulitsidwa poyera m'nyumba zakezake. Anthu a mtundu wa Kikuyu ku Kenya ali ndi muratina, amene amathiramo chipatso cha mvunguti chokonzedwa mwaluso, ngakhale sitikulangiza aliyense kuyesa zimenezo chifukwa chipatsochi chikakhala chosakonza chimadwalitsa. Ku South Africa anthu achiXhosa ali ndi iqhilika. Azungu nawo vinyo wa uchi wothira zipatso amamutcha melomel. Kuno kwathu msika wa vinyo wa zipatso ulipo kale: kampani ya Linga ku Lilongwe inadziwika ndi vinyo wa jambula, magwafa ndi zipatso zina, ndipo ku Karonga magulu a amayi anayamba kupanga vinyo wa nthochi.

Chifukwa chake tikuti finyani nokha

Uchi wokhwima uli ndi shuga pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse, koma uli ndi chakudya chochepa kwambiri cha yisiti. Munthu akasungunula uchi m'madzi okha n'kuthira yisiti, kuwira kumayenda pang'onopang'ono, mwina kuimira panjira, ndipo nthawi zina vinyo amatuluka ndi fungo ngati la mazira ovunda. Madzi a zipatso amabweretsa zina mwa zimene uchi ukusowa: chakudya cha yisiti, kawawasa kamene kamachititsa kuti vinyo akome, mtundu ndiponso fungo.

Wina anganene kuti bwanji osangogula juwisi kapena sikwashi kugolosale. Yankho lili pa chizindikiro cha botolo. Zakumwa zambiri za m'sitolo zimathiridwa mankhwala oletsa kuonongeka monga sodium benzoate ndi potassium sorbate, ndipo ntchito ya mankhwalawa ndi kulepheretsa yisiti kuswana. Mukhoza kutaya uchi wa ndalama zambiri m'chigubu chimene sichiwira n'komwe. Komanso mlimi akagula juwisi pamene mango akuwola kuseri kwa nyumba yake, ndiye kuti phindu walipereka kale kwa wina ntchito asanaiyambe.

Komabe juwisi wa kufakitale amakhala ataphedwa kale tizilombo, pamene wanu ayi. Pakhungu la chipatso chilichonse pamakhala yisiti wa m'tchire ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Tina mwa ito, tikapeza mpweya, timasandutsa vinyo kukhala viniga, ndipo tintchentche tija timazungulira mango akupsa ndito timatinyamula. Apa ndi pamene magulu ambiri angagwere, choncho tiyeni tikhalepo pang'ono.

Ukhondo uyambire pamtengo

Thyolani zipatso zakupsa bwino mumtengo. Zakugwa pansi zophulika, zoboola mphutsi kapena zachuku zipite kukompositi. Maganizo akuti chipatso chimene sichingagulike ndiye choyenera mowa ndi olakwika, chifukwa poizoni wina wochokera ku chuku satha ngakhale mutatenthetsa. Tisaiwale zimene zinachitika mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese pamaliro. Ofufuza anapeza kuti ufa wa chimanga umene anafululira unali utaonongeka ndipo munali tizilombo totulutsa poizoni. Kumeneko unali ufa osati zipatso, koma phunziro lake ndi limodzi: chowola chikalowa mumphika, amene amavutika ndi wakumwa.

Tsukani zipatsozo m'madzi abwino, ndipo manja, mipeni, ndowa ndi nsalu yosefera zikhale zochapa ndi zoviika m'madzi otentha. Mango asendeni chifukwa utomoni wa m'makoko umayabwa. Malalanje ndi manachesi achotseni makoko ndi njere poti zimenezi zimawawitsa vinyo. Mapichesi achotseni nthangala osaziswa, chifukwa m'kati mwake muli poizoni. Mango, magwafa ndi masuku zimatulutsa phala lolimba, ndiye zimafuna kusukuluza ndi madzi owiritsa n'kusefa ndi nsalu. Malambe alibe madzi, amafuna kuviika kaye, ndipo popeza ndi owawasa kwambiri athireni pang'ono.

Mukafinya, musasunge juwisiyo kudikira mawa. Muikeni pamoto atenthe kufika pafupifupi madigiri 70 kwa mphindi 15 kapena 20, osalola kuti abwate, kenaka mumuvundikire mpaka azizire. Kutenthetsa kumachititsa kuti vinyo wa zipatso zina asayere msanga, koma zimenezo sizidwalitsa munthu. Amene angapeze mankhwala a potassium metabisulphite akhoza kugwiritsa ntchito amenewo m'malo mwa moto, potsatira muyezo wolembedwa papaketi ndi kudikira maola 24 asanathire yisiti. Uchi wokha musauwiritse, chifukwa fungo la maluwa limene ogula amalifuna limathawa ndi nthunzi. Ukhale wosefa bwino, wopanda ana a njuchi ndi phulusa.

Muyezo woyambira ndi uwu: makilogalamu 5 a uchi, malita 5 a juwisi, ndi madzi owiritsa ozizira okwanira kuti zonse pamodzi zifike malita 20. Paketi ya magalamu 5 ya yisiti wa vinyo imakwanira. Zikawira mpaka kumapeto, vinyoyu amakhala ndi mphamvu ya pafupifupi magawo 12 pa 100, malinga ndi kutsekemera kwa zipatsozo. Yisiti wa buledi amawiritsanso, koma amatopa msanga ndipo amasiya kafungo ka mandasi.

Chigubu chikhale cha pulasitiki chosungira zakudya, chokulirapo kuti thovu lipeze malo. Chigubu chimene munakhalapo mankhwala a thonje, a fodya, a mbeu zamasamba, dizilo kapena parafini chisayandikire ntchitoyi ngakhale mutachitsuka kangati. Ndowa za malata ndi mapoto a aluminiyamu nazonso si zowiritsiramo vinyo, popeza kuwawasa kwa zipatso kumadya chitsulo. Boolani chitsekero, lowetsani kapaipi n'kumata bwino, ndipo mbali ina ya paipiyo iviikidwe m'botolo la madzi. Mpweya wa m'chigubu uzituluka ngati thovu, koma wakunja ndi ntchentche zisalowe. Yisiti amagwira bwino ntchito pamalo ozizirirapo, pakati pa madigiri 18 ndi 24. Nyengo ya mango ndi yotentha, makamaka kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire, choncho ikani chigubu m'chipinda chamthunzi n'kuchifunditsa chiguduli chonyowa.

Pakatha milungu iwiri mpaka inayi thovu limasiya. Tsanulirani vinyo m'chigubu china choyera pogwiritsa ntchito paipi, kusiya nsenga pansi, ndipo chigubucho chidzaze kuti mpweya usapeze malo. Msiyeni miyezi itatu kapena kuposerapo. Kuthamanga sikufika: vinyo wothiridwa m'botolo asanamalize kuwira amaphulitsa botolo, ndipo galasi lingavulaze mwana m'nyumba. Pomaliza, vinyoyu asatchezedwe kukhala kachasu ndipo asathiridwe spiriti kapena china chilichonse kuti aziledzeretsa msanga. Imfa zambiri za mowa zimene zamveka m'maiko osiyanasiyana zimachokera ku methanol wothiridwa mwachinyengo chotere.

Tiwerengetsere tisanayambe

Ulimi ndi bizinesi, ndipo bizinesi imafuna cholembera. M'malita 20 aja, mukachotsa nsenga, mutsala ndi pafupifupi malita 18, amene ndi mabotolo 24 a mamililita 750. Lembani mtengo umene mukanagulitsira makilogalamu 5 a uchi, onjezerani mabotolo, zitsekero, yisiti, nkhuni, zizindikiro, mayendedwe, ziphaso ndi ntchito yanu. Kumbukiraninso kuti ndalama yanu ikhala itagona miyezi itatu. Ngati mabotolo 24 sakubweza zonsezo ndi phindu pamwamba, gulitsani uchi. Yambani ndi chigubu chimodzi, lembani zonse zimene mwathira ndi tsiku lake, ndipo pamene simukumvetsa funsani. Paja safunsa anadya phula, ndipo mlimi wa njuchi amadziwa bwino kusiyana kwa phula ndi uchi.

Tikudziwa kuti pakati pathu pali mamembala amene chipembedzo kapena chikumbumtima chawo sichiwalola kukhudza mowa, ndiponso amayi amene aona ndalama ya fodya ndi mtedza ikuthera kumowa. Nkhawa yawo ndi yomveka ndipo tikuilemekeza. Palibe membala amene ayenera kukakamizidwa. Luso lomweli losankha zipatso, kufinya ndi kupha tizilombo ndi limenenso likufunika popanga juwisi ndi jamu, choncho gulu likhoza kugawana ntchito. Kwa amene asankha vinyo tikuti: ameneyu ndi katundu wogulitsa, osati womwera pakhomo mpaka chigubu kuuma, ndipo sayenera kugulitsidwa kwa ana osakwana zaka 18.

Pempho lathu kwa akuluakulu

Botolo loyamba likangogulitsidwa, nkhani imachoka kukhitchini n'kupita kumalamulo. Pamafunika chiphaso cha kukhonsolo chogulitsira mowa, katundu ayenera kuyezedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo pali msonkho wa mowa umene amatolera a Malawi Revenue Authority. Ife sitikutsutsana ndi malamulowa. Dziko limene linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 ndi kukhazikitsa ndondomeko yoyendetsera nkhani za mowa mu 2017 lili ndi zifukwa zomveka zotetezera anthu ake. Chimene tikupempha ndi chakuti njira yotsatira malamulo ikhale yoti mlimi wamng'ono angaikwanitse, chifukwa ikakhala yokwera mtengo ndi yakutali, anthu amafululira kuseri kumene kulibe woyeza.

Choyamba, tikupempha kuti ndalama zoyezetsera katundu ndi zotengera ziphaso zikhale ndi mlingo wapadera wa makopaletivi a alimi, wosiyana ndi wa makampani akuluakulu. Chachiwiri, tikupempha kuti alangizi a zaulimi ndi a zankhalango, amene amaphunzitsa kale za ming'oma ndi kufula uchi, aphunzitsidwenso kakonzedwe ka zipatso mwaukhondo, kuti mlimi apeze womufunsa pafupi. Chachitatu, tikupempha ogulitsa zipangizo zaulimi m'maboma kuti azisunga yisiti wa vinyo, zoyezera kutentha ndi zoyezera shuga. Dziko lino linayambitsa ndondomeko ya One Village One Product mu 2003 ndi cholinga choti midzi izipindula ndi zimene ili nazo. Uchi ndi zipatso ndi zimene midzi yathu yambiri ili nazo.

Kwa inu mamembala anzathu, uthenga ndi woti mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi sangamange chipinda chofikira muyezo, kugula makina ofinyira ndi kulipira ziphaso yekha, koma kalabu ya anthu 20 imene yalembetsa ngati kopaletivi ikhoza kutero pang'onopang'ono. Nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa kalabu mwezi uno, nyengo ya zipatso isanafike. Gwirizanani za amene adzasunga uchi, amene adzayang'anira ukhondo ndi amene adzapita kukhonsolo kukafunsa zofunika. Ndipo sankhani munthu mmodzi amene adzakhale ndi mphamvu yokana dengu la zipatso zowola, ngakhale litakhala la wapampando.